Khutu Lomvera Odi

Amayi anga, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko?

Kuno tikudzuka. Onse amene munatisiya tilipo, kupatula tambala wanu wofiira uja, amene tinamudya pa Khirisimasi chifukwa anayamba kujompha ana a eni. Ndakhala pakhonde, mbali imene munkakonda kuswera mtedza, dzuwa lapendeka, ndipo ndati lero lokha ndikulembereni. Nkhani zabwino zilipo, koma pali imodzi imene ndakhala ndikuizengereza: khutu langa lakumanzere lasiya kumva, ndipo adokotala akuti lakumanjali nalonso likhoza kupita ndikapanda kusamala. Musadzidzimuke. Sindili chigonere, ndikudya bwino, ndanenepa mpaka masiketi anu aja ayamba kundikwana. Ndiyamba ndi zabwinozo, pajatu inu simunkakondwa ndi mlendo woyamba madandaulo asanamwe ndi madzi omwe.

Mng'ono wanga Chikondi anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu, Esinati. Vuto lili ndi abambo. Zaka zonse zija sanakutchulenipo dzina, ndiye lilime likukana ngakhale pa khanda. Amangoti "mayi wamng'onoyu". Mwanayo watenga chipumi chanu, watenganso mawu anu. Akalira amamveka mpaka kuchigayo, ndipo salekeza pakati ngati zofuna zake sizinachitike. Chikondi akuti ndi m'mimba mwa makanda, ine ndikuti ndi mtundu.

Chimanga cha chaka chatha chinachita mwapakatikati chifukwa feteleza tinathira mochedwa. Mtedza ndiwo unatikumbuka, unabereka mpaka tinasowa poyanika, koma soya wa kumunsi kwa munda anaola ndi mvula yomaliza. Chaka chino mbewu zamera bwino, chimanga chafika m'chiuno, ndipo abambo amachiyendera m'mawa uliwonse ngati wodwala wa kuchipatala. Achimwene a Yohane akadali ku esiteti ya fodya ku Chiosya. Akuti abwerera kumudzi akangomaliza kugulitsa, monga amanenera chaka chilichonse. Mpanda wa bafa unagwa ndi chiswe, abambo anamanga wina wopendekera kwa aneba, ndipo mpaka lero akukana kuti wapendeka. Makina anu osokera ndimawathira mafuta, koma palibe mmodzi wa ife ali ndi phazi lanu. Ndinayesa kusoka chitenje chimodzi, chinatuluka ngati msewu wa kudimba.

Tsopano za khutu.

Mukudziwa kuti maliro anu atatha sindinabwererenso ku Lilongwe kukakhazikika. Ndinangokatenga katundu n'kudzakhala ndi abambo kuno ku Kachebere, poti ntchito yanga sifuna ofesi. Imangofuna laputopu, sola padenga ndi netiweki, ngakhale netiweki ya m'malire muno ili ndi misala yake: pena foni imalumphira ku Zambia n'kundilandira ndi manja awiri ngati ndawoloka, chonsecho ndili m'chipinda chomwe munkasungiramo matumba. Inu ntchito imeneyi munkaitcha "yomvera miseche ya eni", ndipo simunkaphonya kwenikweni. Anthu amavomera kujambulidwa mawu akucheza pamsika, m'minibasi, pamjigo. Kompyuta imayesa kulemba zimene yamva, ine ndimamvetsera n'kukonza pamene yanama, kuti mawa idzamve bwino. Ndinali mphunzitsi wa makina, Amayi, ndinkawaphunzitsa kumva Chichewa. Ndipo ntchitoyi ndinkaikonda. Tsiku limodzi lomwelo ndinkamva bambo wa ku Nsanje akudandaula za ng'ona, azimayi a ku Kasungu akunenerera tomato, anyamata akunamizana za mpira, ine ndili phee pampando, kumaseka ndekha.

Poyamba ndinkagwira mmene anatiphunzitsira. Chitseko chotseka, mahedifoni aakulu ophimba makutu onse awiri, mawu otsika bwino, ndi kupumira pakapita kanthawi. Ku Lilongwe zimenezi zinalibe mlandu, chifukwa kumeneko munthu amayamba waimba foni asanabwere. Kuno anthu amabwera ndi miyendo. Amaima pabwalo, "Odi! Odi kuno!", kudikira, kuodiranso, kenako n'kubwerera ali ndi nkhani yokauza anzawo. Ine osadziwa kanthu. Abambo ankakhala kudimba mpaka masana, ndiye panalibe wondiyankhira.

Tsiku lina azakhali aNaJere, alongo awo a abambo, anaodira mpaka mawu kusasa. Atazungulira kuwindo anandipeza ndikuseka ndekha, zinthu zili kumutu ngati woyendetsa ndege. Nkhope yawo sindikufotokozerani, alamu anu mukuwadziwa. Anandikhazika pamphasa ngati namwali wolangidwa.

"Iwe Tiyamike," anatero, "nyumba ino sinatsekedwepo masana, ngakhale masiku omwe mayi ako anali gone. Ukudziwa zomwe akunena anthu? Akuti mwana wa aJere wabwera ndi chizungu, odi amayankha ndi nkhongo."

Ndinati, "Azakhali, ndimakhala ndili pantchito."

"Ntchito yokhala pampando? Ife tikamapalira, khasu lili m'manja, thukuta lili kamukamu, munthu akatipatsa moni sitiyankha? Iwe wangokhala, pamthunzi, kuyankha odi kukuvute?"

Ndinafuna kuwafotokozera, koma m'mutu mwanga munalowa inu. Paja munkati, "Tiya, munthu akaodira uziyankha, olo uli ndi mbatata yotentha m'kamwa, sudziwa chomwe wadzera." Ndipo zoona, mmodzi mwa amene anabwerera pakhomo pathu masiku amenewo anadzanena za maliro a achibale a kwa Mlonyeni, ndipo ife tinamva mwambo utatha kale. Zimenezo zinandichititsa manyazi kwambiri, ndipo abambo anayenda okha ulendo wonsewo kukapepesa.

Ndiye ndinapeza nzeru, nzeru za munthu wopita kusukulu. Ndinakokera tebulo pafupi ndi khomo, chitseko n'kutsegula chonse. Mahedifoni aakulu aja ndinawapachika pamsomali, n'kugula tazingwe tolowetsa m'khutu kwa anyamata ogulitsa katundu wa ku Chipata. Kachingwe kamodzi kokha ndinkakaika kumanzere, komvera ntchito. Khutu lakumanja ndinalisiya pamtunda, lomvera odi. Ndinadziyamikira ndekha kuti ndakondweretsa abwana ndi azakhali nthawi imodzi, chinthu chomwe ngakhale inu simunachithe.

Koma khomo lotsegula sililowetsa odi yekha. Linkalowetsa chigayo, njinga zamoto zothamangira kumalire, wailesi ya aneba, mbuzi, ana ochokera kusukulu. Mawu a pantchito nawonso ndi ojambulidwa pamsika, aphokoso kale. Kuti ndimve liwu lililonse bwinobwino ndinkakweza. Mawa lake kukwezanso pang'ono. Laputopu inkandichenjeza ndi kauthenga kuti mawu akwera mopitirira, ine n'kukachotsa ngati ntchentche pamkono. Posakhalitsa ndinafika pothera, pamene batani silikwezanso, ndipo ndinkakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Mbiri yanga inakoma zedi. Munthu asanamalize odi wake, ine ndayankha kale, "Fikani!" Azakhali ankanyadira kutchalitchi kuti anandiwongola. Anthu atadziwa kuti khomo ndi lotsegula anayamba kubwera ambiri: wodzatchaja foni, wofuna ndimuonere zotsatira za mayeso a mwana, wofuna ndimulembere uthenga kwa mwamuna wake ku Joni. Aliyense ndinkamulandira, ndipo nthawi yotayikayo ndinkaibweza posapuma. Kupumira kuja anatiphunzitsa ndinakuiwaliratu. Chakudya ndinkadyera patebulo lomwelo, kachingwe kali m'khutu, ndipo masiku ena ulendo wanga wautali unali wochoka pampando kupita kubafa.

Chizindikiro choyamba chinabwera nyengo yozizira. Tikuotha dzuwa m'mawa ndi abambo ndinati, "Koma nyenje zafulumira chaka chino." Abambo anatchera khutu, anayang'ana mumtengo wa mango, kenako anayang'ana ine. "Nyenje mu Juni? Iwe, nyenje zimadikira dzuwa la Okutobala." Ndinaseka, iwonso anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma nyenjeyo sinasiye. Inali m'khutu mwanga, ikulira osapuma, ndipo ikulirabe pamene ndikulemba pano. Inu munkati ndili ndi makutu a mphaka, poti ndinkamva chivindikiro cha shuga chikutsegulidwa ndili kuseri kwa nyumba. Mwina n'chifukwa chake sindinakhulupirire kuti makutu ngati amenewo angatope.

Anzanga a pantchito tili ndi gulu pafoni. Ambiri sitinaonanepo maso ndi maso, koma timadziwana matenda. Wina msana, amagwira ntchito atatsamira botolo la madzi otentha. Wina maso amangochucha misozi ngati akusenda anyezi. Mtsikana wina wa ku Zomba dzanja limamuchita dzanzi mpaka kugwetsa kapu. Zonsezi timazisandutsa nthabwala, kutumizirana tizithunzi toseketsa, chifukwa ukadandaula zenizeni umaopa kuti abwana amva n'kupereka ntchito yako kwa wina, ndipo oifuna ndi ambiri. Komanso ndikanadandaula bwanji pamaso pa achimwene a Yohane, amene manja awo ada ndi utomoni wa fodya? Ine ndemwe ndinkakhulupirira zomwe amakhulupirira onse kuno, zoti munthu wokhala pampando akupuma.

Ndinazindikira mvula itabwera. Linali Lamulungu masana, titachokera kutchalitchi, ndinagona pamphasa mvula ikugunda malata. Nditatembenuka kugonera kumanja, mvula inaleka. Ndinati ndidzuke ndikayanike zovala; kungodzutsa mutu, mvula ija ilipobe, ikukhuthuka. Ndinagonanso, zii. Kudzuka, mvula. Ndinachita zimenezi kangapo ngati mwana wapeza choseweretsa, kenako mantha anandigwira, Amayi, mantha enieni. Ndinatseka lakumanja n'kuliza zala pafupi ndi lakumanzere. Zala ndinkazimva kuti zikugundana, koma kulira kwake kunali kutali ngati kutsidya la dambo.

Kuchipatala cha paboma anaunikamo ndi katochi, anati mulibe mafinya, mulibe chotsekereza, ndipo ananditumiza ku Lilongwe. Kumeneko anandilowetsa m'kachipinda kopanda phokoso n'kundiveka, mukhulupirire, mahedifoni. Ndinaseka ndekha. Anati ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Mbali yakumanja dzanja linkakwera bwinobwino. Mbali yakumanzere ndinangokhala, kudikira kuti ayambe, osadziwa kuti anayamba kalekale. Adokotala ake, mayi wodekha wa msinkhu wa azakhali, anandifunsa za ntchito yanga, ndipo nditafotokoza za khomo ndi odi anavula magalasi n'kupukusa mutu.

"Achemwali," anatero, "m'kati mwa khutu muli tinthu tosalimba, tikafa sitiphukanso. Lakumanzereli latsala ndi kamphamvu kochepa kwambiri, ndipo sindikunamizani kuti libwerera. Za kachipangizo kothandiza kumva tikambirana. Koma lakumanjali ndi lokhalo mwatsala nalo. Mukaligwiritsa ntchito mmene munachitira ndi linzakeli, mukadzabweranso kuno tizidzalankhulana ndi manja."

M'minibasi pobwerera ndinakwiya, ndisakubisireni. Ndinakwiyira azakhali, ndinakwiyira mudzi wonse ndi odi wake, ndinakwiyiranso inu pang'ono ndi mbatata yanu yotentha ija. Koma pofika pa Kamwendo mkwiyo unali utaphwa, chifukwa palibe anagwira chala changa kuti chikweze mawu. Chinatsala ndi chisoni basi, ndi kuseka kowawa, poganiza kuti makina aja tsopano amamva Chichewa bwino kuposa khutu lomwe linawaphunzitsa.

Azakhali atamva anabwera tsiku lomwelo, analowa osaodira n'komwe. Anakhala pansi akupotokola nsonga ya chitenje. "Ndiye kuti ndine ndakugonthetsa, mwana wa achimwene?" Ndinati ayi. Anapukuta m'maso, ndinawapatsa tiyi, ndipo kapu isanathe anali atapeza kale pothawira: "Komabe uyamike. Ndikanapanda kukukalipira, bwenzi utatseka onse awiri, bwenzi onse atafa." Si zoona, koma ndinawasiya nazo, poti zinawapepuza mtima. Ena pamudzi akuti ndi ansanje anandiponyera, chifukwa sizikuwalowa kuti munthu angavulale ali pamthunzi. Chikondi yekha ndiye anangondikumbatira, kenako anandinong'oneza mawu achitonthozo m'khutu lolakwika, tonse n'kufa nazo ziseko.

Tsopano chomwe chandilembetsa kalatayi. Ndinapempha masiku opuma, ndipo atatha ntchito inali itaunjikana. Abwana sindinawauze zonse, ndinangoti ndinadwala. M'mawa wina abambo atapita kumunda ndinakhala patebulo, ndinayang'ana kachingwe kaja, ndipo ndinadziuza kuti lero lokha, motsitsa. Ndinakalowetsa kumanja. Amayi, mmene mawu anamvekera! Oyera ngati madzi a pamjigo. Ndinali nditaiwala kuti anthu akamalankhula amapumira, amameza malovu, amasekera pansipansi. Ntchito inayenda ngati kale, mtima unakhala m'malo, ndipo chigayo chitayamba chala chinapita chokha pabatani lija.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani. Nditadzutsa maso ndinaona abambo atakhala pansi pakhomo penipeni, khasu lili pambali, matope auma kale kumapazi. Milomo yawo inkayenda. Ndinazula kachingwe.

"Ndimati odi," anatero. "Ndaodira pakhomo panga pomwe, ndaodiranso, ndiye ndati ndingokhala ndione kuti zitha bwanji." Sanakweze mawu, mukuwadziwa. Anayang'ana kachingwe kali m'manja mwanga. "Mayi ako atapita, nyumba ino inangoti zii. Ndinkalankhula ndi mbuzi. Iwe utabwera ndinati basi, ndapeza wondiyankha. Tsopano ukamaliza nalo limenelo, ine ndizikamba ndi ndani? Chimanga ndikhoza kulima, mwanawe, sitigona ndi njala. Koma khutu sindingakulimire."

Ndinalira, Amayi, kulira komwe sindinalire ngakhale kuchipatala. Abambo anangokhala pomwepo mpaka ndinatonthola, kenako anapempha madzi osamba ngati palibe chachitika.

Masana omwewo ndinawalembera abwana zonse, ndi kunena kuti ntchito yomvetsera sindigwiranso. Ndinatumiza ndi mantha, chifukwa ina sindiidziwa, ndipo mukukumbukira mmene ndinavutikira kuti ndiipeze. Anayankha mwaulemu. Andipatsa yowerenga ndi kukonza zolembedwa, yopanda mawu, koma ndi yochepa, ndipo sanalonjeze kuti ikhalitsa. Mwina chaka chamawa mudzamva kuti ndikugulitsa mtedza pamalire. Ndinalembanso pagulu la anzanga lija, popanda kachithunzi koseketsa. Pagulupo anangoti pepani, koma kumbali anandilembera angapo, mmodzimmodzi, kufunsa kuti kulira kwake kumamveka bwanji, chifukwa nawonso ali ndi nyenje zawo. Ndinawauza kuti apite akapimidwe asanafike pomwe ndafika ine. Kaya apita, sindikudziwa. Nane wina akanandiuza chaka chatha ndikanangoseka.

Ntchito yatsopanoyi ndi yosungulumwitsa, ndisaname. Ndimawasowa anthu anga a m'makutu aja, ndipo pena ndimadzifunsa kuti bambo wa ng'ona uja nkhani yake inatha bwanji. Koma ndimaimirira pafupipafupi, madzi ndimakatunga ndekha, madzulo ndimatsikira kumunda kukazula udzu mu mtedza, ndipo khosi lomwe ndinkati ndi pilo woipa lasiya kuwawa. Chitseko chili chotsegula ndipo odi ndikumumva, kungoti sindidziwa mbali yomwe wachokera. Ndimayankha "Fikani" nditayang'ana kukhola, mlendo ali kumsewu. Abambo sananenenso kanthu za tsiku lija, koma ndaona kuti tikamapita kutchalitchi amazungulira mwakachetechete n'kuyenda kudzanja langa lamanja, ngakhale kutakhala kuti kumeneko n'kumene kuli matope.

Loweruka likubwerali tibwera kudzalambula pamanda panu, mvula yameretsa udzu wambiri. Ena akamaliza n'kumapita, ine nditsalira pang'ono monga ndimachitira. Mudzaona kuti ndakhala chammbali, nkhope yaloza kuphiri osati kwa inu. Musati ndayamba mwano kapena ndakufulatirani. Ndidzakhala nditakutcherani khutu lomwe latsala, kuti ngati muli ndi mawu, ngakhale onong'ona, asapite mbali yakufayo.

Limeneli ndilisunga, Amayi, ndikukulonjezani. Simudzalowanso kachingwe m'menemo, ntchito ithe kapena isathe. Ndilisungira abambo masiku onse amene atsala nawo, ndipo nthawi zonse akaitana ndiziyankha.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ine mwana wanu,
Tiyamike